Ku Italy, Mphika Umaulula Kwawo kwa Munthu

Amayi anzanga, sabata ino tabwerekani buku la mapu kwa mwana wanu wa sukulu, mutsegule tsamba limene pali maiko a ku Ulaya. Chakummwera muona dziko looneka ngati jombo ya msilikali, lolowa m'kati mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo kutsogolo kwa chala cha jomboyo kuli chilumba cha ngodya zitatu, chokhala ngati mpira umene uli pafupi kumenyedwa. Dzikolo ndi Italy, chilumbacho ndi Sicily. Chakumadzulo, pakati penipeni pa madzi, pali chinzake chotchedwa Sardinia. Ojambula mapu amapaka zonsezi utoto umodzi, koma mukadati mulowe m'makhitchini a kumeneko kuyambira kumpoto mpaka kummwera, mukadalumbira kuti mwadutsa maiko asanu kapena asanu ndi limodzi.

Kukula kwa dzikoli n'kwakuti Malawi angalowemo kawiri ndi theka, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 59 miliyoni. Koma malo athyathyathya olimapo mosavuta sakwana gawo limodzi mwa magawo anayi. Kwina konseko ndi mapiri ndi zitunda. Kumpoto kwatchingidwa ndi mapiri a Alps, kumene nsonga ya Monte Bianco imapitirira mamita 4,800, pamene Sapitwa wathu pa Mulanje ali ndi mamita 3,002. Kuchokera kumeneko mtandadza wina wa mapiri, wotchedwa Apennines, umatsika ndi jombo yonse ngati msana wa nsomba, mtunda wa makilomita oposa 1,000, kufikira kuchala. Msana umenewu ndiwo unalekanitsa anthu. Kale, misewu yoboola mapiri isanabwere, mkazi wa tsidya lino la phiri ankatha kukalamba osaonapo msika wa tsidya linalo.

Mafumu nawo anathandizira kugawa. Kufikira chaka cha 1861 kunalibe dziko limodzi lotchedwa Italy. Zaka zochepa m'mbuyo mwake mizinda ya Milan ndi Venice inali m'manja mwa Austria, ku Turin kunali mfumu imene inkalamuliranso Sardinia, ku Florence kunali wolamula wakewake, Papa ankalamulira Roma ndi madera apakati, ndipo kummwera konse pamodzi ndi Sicily kunali pansi pa mfumu ya ku Naples. Ngakhale mu 1861 momwemo mgwirizano unali wosakwanira, pakuti mzinda wa Venice unalowa mu 1866, wa Roma mu 1870. Akatswiri amati pa nthawiyo anthu odziwa kuyankhula Chitaliyana cha m'mabuku, chimene gwero lake ndi chiyankhulo cha ku Florence, sankapitirira mmodzi mwa anthu khumi. Ena onse ankayankhula za kwawo, ndipo mlimi wa ku Sicily akakumana ndi mlimi wa ku Turin ankamvana ndi manja.

Lero dzikoli lagawidwa m'zigawo 20, ndipo m'kati mwa zigawozo muli maboma oposa 100 ndi makhonsolo a mizinda ndi midzi pafupifupi 7,900. Musaziyerekeze ndi zigawo zathu zitatu zija. Chigawo cha ku Italy chili ndi nyumba yake ya malamulo ndi mtsogoleri wake, ndipo ndicho chimayendetsa zipatala, kotero kuti chisamaliro chimene mayi wodwala amalandira chimadalira kwambiri chigawo chimene akukhala. Kukula kwake n'kosiyana zedi: cha Lombardy chili ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni, cha Valle d'Aosta sichikwanitsa 130,000. Zigawo zisanu zinapatsidwa ufulu wapadera wodzilamulira ndi kusunga gawo lalikulu la misonkho yake. Chinayamba ndi Sicily mu 1946, boma likuopa kuti chilumbacho chingadzipatule. Mu 1948 kunatsatira Sardinia, Valle d'Aosta kumene amayankhulanso Chifalansa, ndi Trentino-Alto Adige kumene ambiri a chakumpoto kwake amayankhula Chijeremani. Chomaliza chinali Friuli-Venezia Giulia, cha kumalire a kum'mawa, mu 1963. Zigawo 15 zotsalazo zinasankha aphungu ake koyamba mu 1970.

Komabe Mtaliyana mukamufunsa kwawo amayamba watchula mudzi kapena mzinda, kenaka chigawo, dziko pambuyo. Iwo ali ndi mawu akuti campanilismo, ochokera ku nsanja ya belu la tchalitchi, onena za munthu amene mtima wake umathera pamene belu la kwawo lalekezera kumveka. Ine ndimaona kuti njira yapafupi yodziwira malire a zigawozi, makamaka kwa ife amayi, ndi kusuzumira mumphika, pakuti chimene nthaka ndi mvula zinalola ndicho chinalowa mumphikamo, ndipo kumene mphika unkachepa ndiko ana ankathawako. Tsono tiyeni tiyambire kumtunda, titsike pang'onopang'ono.

M'munsi mwa Alps muli chigwa chachikulu cha mtsinje wa Po. Mtsinjewu ndi wa makilomita 652, umayambira kumadzulo m'chigawo cha Piedmont nukathira m'nyanja ya Adriatic kum'mawa. Ena mwa madzi ake ndi chipale chosungunuka cha m'mapiri, chimene chimatsika nyengo yotentha ikamayamba, pamene mbewu zikufuna madzi. M'miyezi yozizira kumagwa nkhungu yoti munthu osaona nyumba ya mnzake. Kuno ndi kwa ng'ombe za mkaka, kotero amayi amaphikira batala, ndipo cha ku Parma amaumba zigulumwa za tchizi zolemera makilogalamu pafupifupi 40, zimene amazisunga chaka chathunthu kapena kuposa zisanadyedwe.

Koma chimene chingakudabwitseni n'chakuti anthu a m'chigwachi amadya nsima. Amaitcha polenta. Chimanga chinafika kumeneko kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1500, ndipo pofika m'ma 1700 chinali chakudya cha osauka a ku Veneto, Lombardy ndi Friuli. Ufa wake nthawi zambiri ndi wachikasu, wokhakhala kuposa mgaiwa. Amauthira pang'onopang'ono m'madzi owira a mchere mumphika wa mkuwa, navundula ndi mthiko kwa mphindi 40 kapena kuposa. Saomola ndi chipande monga ife. Amakhuthulira yonse pathabwa, ndipo agogo akale ankaidula ndi ulusi. Mpaka lero akummwera amaseka akumpoto kuti ndi polentoni, akudya nsima, ndipo akumpoto amabwezera ndi dzina lachipongwe lakuti terroni, anthu a dothi.

Nsima imeneyi inapulumutsa anthu ku njala, koma inadza ndi tsoka lina. Alimi aganyu ankadya polenta m'mawa, masana ndi madzulo popanda ndiwo, chifukwa tirigu, mkaka ndi nyama zinali za mwini munda. Kunabuka matenda amene Ataliyana anawatcha pellagra, kutanthauza khungu lokhakhala. Khungu la m'manja ndi la m'khosi, pamene pamawomba dzuwa, limada ndi kusweka, munthu amatsegula m'mimba, ndipo pamapeto pake mutu umasokonezeka. Kalembera wa 1881 anapeza odwala oposa 100,000, ambiri a iwo a ku Veneto ndi Lombardy, ndipo zipatala za amisala zinadzaza ndi alimi. Patapita zaka zambiri madokotala anazindikira kuti chimanga chokha sichipatsa thupi vitamini wokwanira wotchedwa niacin, amene amapezeka mu mtedza, nsomba ndi nyama. Matendawa si achilendo kwathu kuno. Mu 1990 anagwira anthu zikwizikwi pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Ku Italy anayamba kutha malipiro atakwera, mlimi atayamba kuika kanthu pambali pa nsima yake.

Chakumadzulo kwa chigwachi, kuzungulira mizinda ya Vercelli, Novara ndi Pavia, ndi kwa mpunga, ndipo dziko la Italy limakolola pafupifupi theka la mpunga wonse wa m'maiko a European Union. Mankhwala ophera udzu asanafale m'ma 1960, ntchito yopalira inali ya akazi otchedwa mondine. Chaka chilichonse kumapeto kwa Meyi atsikana ndi amayi zikwizikwi ankakwera sitima kuchokera m'midzi ya ku Emilia ndi Veneto, nakakhala masiku 40 atawerama m'madzi ofika m'mawondo, opanda nsapato, akulumidwa ndi udzudzu, usiku n'kugona pa udzu m'zigafa. Mbali ina ya malipiro awo inali mpunga womwewo. Amayi a ku Karonga ndi ku Nkhotakota akudziwa kupweteka kwa msana kumene ndikunenaku. Mu Juni 1906 amayi amenewa ananyanyala ntchito ku Vercelli mpaka eni minda anavomera kuti tsiku la ntchito likhale la maola 8, zaka zambiri lamulo lotere lisanafikire antchito ena a m'dzikolo.

Madzi omwewo a m'mapiri anapereka magetsi, ndipo mafakitale anamera pakati pa Milan, Turin ndi doko la Genoa, pafupi ndi misika ya France, Switzerland ndi Germany. Kampani ya magalimoto ya Fiat inayambira ku Turin mu 1899. Za Venice, mzinda womangidwa pa tizilumba toposa 100, mwamva kale kuti misewu yake ndi ngalande za madzi. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti eni mzinda akutha. Mu 1951 munali anthu oposa 170,000 m'kati mwa mzinda wakalewo, koma mu 2022 anatsala osakwana 50,000, nyumba zambiri zitasanduka malo ogona alendo.

Tikachoka ku Bologna n'kudutsa mapiri a Apennines, tifika m'zigawo zapakati: Tuscany, Umbria, Marche ndi Lazio kumene kuli Roma. Batala amathera pamenepa, mafuta a azitona n'kuyamba. Zitunda za kuno ndi zija mumaziona pa makalendala, mizere ya mphesa, mitengo ya azitona, ndi nyumba imodzi pamwamba. Kukongolako kuli ndi mbiri yake. Kwa zaka mazana ambiri banja linkalima munda wa bwana n'kumagawana naye zokolola pakati ndi pakati, dongosolo lotchedwa mezzadria, tsono pamunda umodzi pankayenera kupezeka zonse, tirigu, vinyo, mafuta ndi nyemba. Buledi wa ku Tuscany amaphikidwa wopanda mchere, ndipo wotsala wouma satayidwa. Amamuphika pamodzi ndi nyemba ndi masamba. Cha komwekuno kuli timaiko tiwiri todziimira patokha, Vatican mumzinda wa Roma ndi San Marino paphiri lake.

Mlendo amadabwa kuona midzi yambiri ya pakati ndi kummwera itamangidwa pansonga za zitunda, kutali ndi madzi ndi minda. Chifukwa china chinali kuopa adani ochokera kunyanja, china chinali malungo. Dzina loti malaria ndi la Chitaliyana, kutanthauza mpweya woipa, pakuti ankakhulupirira kuti nthendayi imatuluka m'madambo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 malungo ankapha anthu pakati pa 15,000 ndi 20,000 chaka chilichonse. Mu 1898 Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Roma anatsimikiza kuti udzudzu wa anopheles ndiwo umafalitsa malungo kwa anthu. Boma linayamba kugulitsa kwinini motchipa, m'ma 1930 linaumitsa madambo a Pontine kummwera kwa Roma, ndipo nkhondo yachiwiri itatha linapopera mankhwala a DDT. Mu 1970 bungwe la WHO linalengeza kuti malungo atha m'dzikolo. Anthu anatsikira kuzigwa ndi kugombe, ndipo midzi ya pamwamba ija inatsala ndi nkhalamba. Otsalawo amagona chikhalirecho pamsana wosakhazikika: chivomezi cha ku L'Aquila mu 2009 chinapha anthu oposa 300, cha ku Amatrice mu 2016 pafupifupi 300.

Kummwera eni ake amakutcha Mezzogiorno, kutanthauza masana dzuwa lili paliombo. Kuli zigawo za Abruzzo, Molise, Campania, Puglia, Basilicata ndi Calabria, ndipo powerengera amaphatikizako zilumba ziwiri zikuluzikulu zija. Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, miyezi yotentha n'kukhala youma, kotero kuti mitsinje yambiri ya ku Calabria imakhala miyala yokhayokha mpaka tsiku limene mvula idzaidzaze mwadzidzidzi. Nyengo yotere imayanja tirigu wolimba, azitona, mphesa ndi nkhuyu. Ufa wa tirigu wolimbayo ndiwo amapangira pasta, ndipo kale ku Gragnano, pafupi ndi Naples, ankayanika pasta pamitengo m'misewu kuti mphepo ya kunyanja iumitse. Ndiwo zake ndi matimati, mabiringanya ndi nyemba, ndipo ku Calabria tsabola sasowa. Mzinda wa Naples uli patsinde pa phiri la moto la Vesuvius, limene linakwirira mzinda wa Pompeii m'chaka cha 79 ndipo linaphulika komaliza mu 1944. Anthu sachokapo, chifukwa phulusa lakelo ndilo nthaka yachonde koposa. Paja akulu anati walira mvula walira matope.

Chidendene cha jombo ndi chigawo cha Puglia. Pansi pake ndi thanthwe lobowokabowoka, madzi a mvula amangolowa, ndipo mitsinje ndi yowerengeka. Amayi ankadalira madzi osungidwa m'zitsime zokumba pansi pa nyumba, ndipo matenda a m'mimba ankatenga ana ambiri. Mu 1906 anayamba kukumba ngalande yoboola mapiri a Apennines kuti apatutse madzi a mtsinje wa Sele, umene umathira m'nyanja ya tsidya linalo, ndipo mu 1915 madzi anatuluka mumzinda wa Bari. Aliyense amene anasenzapo mtsuko kuchokera kutali angathe kuganiza mmene nthungululu zikadamvekera tsiku limenelo kukadakhala kwathu kuno. Chigawo chomwechi ndicho chimatulutsa mafuta a azitona ochuluka koposa zinzake, ndipo mitengo ina ili ndi zaka mazanamazana. Kuyambira mu 2013 kachilombo kotchedwa Xylella kaumitsa mitengo mamiliyoni ambiri kunsonga ya chidendenecho, ku Salento, kumene mabanja ataya m'zaka khumi chimene makolo anasamala mibadwo khumi.

Vuto la kummwera silinali mvula yokha. Minda ikuluikulu inali ya mabanja ochepa okhala m'mizinda, ndipo olima anali aganyu olembedwa tsiku ndi tsiku pabwalo la mudzi m'bandakucha. Ku Matera, m'chigawo cha Basilicata, anthu pafupifupi 15,000 ankakhala m'mapanga osemedwa m'thanthwe pamodzi ndi abulu awo, kufikira lamulo la 1952 litawasamutsa. Ena mwa mapanga omwewo lero ndi mahotela. Mu 1949 ku Melissa, m'chigawo cha Calabria, apolisi anawombera alimi amene analowa m'munda wogonera kuti aulime, nafa anthu atatu, mmodzi wa iwo mkazi. Chaka chotsatira boma linayamba kugawa malo, ndipo linakhazikitsa thumba lotukulira kummwera lotchedwa Cassa per il Mezzogiorno, limene linamanga misewu, madamu ndi mipope kufikira 1984. Zina zinathandiza ndithu, zina zinathera m'matumba a andale ndi a zigawenga. Mpaka pano, chuma cha kummwera chikagawidwa kwa anthu ake mofanana, aliyense amapeza zongopitirira pang'ono theka la zimene amapeza mnzake wa pakati ndi kumpoto. Pa akazi khumi a kumpoto, asanu ndi mmodzi ali pantchito yolipidwa. Kummwera sakwana anayi.

Tsono anthu anayamba ulendo. Pakati pa 1876 ndi 1915 Ataliyana pafupifupi 14 miliyoni anachoka m'dziko lawo, poyamba ambiri a kumpoto, kenaka akummwera, kupita ku United States, Argentina, Brazil ndi maiko ena a ku Ulaya. M'ma 1950 ndi m'ma 1960 ena miyandamiyanda anakwera sitima ya usiku yochokera ku Sicily kupita kumafakitale a ku Turin ndi Milan, kumene eni nyumba ena ankakhoma zikwangwani zokana kuchititsa lendi akummwera, anthu a dziko lawo lomwe. M'midzi munatsala akazi amene ankatchedwa vedove bianche, akazi amasiye oyera, okwatiwa koma opanda mwamuna panyumba. Nkhani imeneyi siifuna womasulira kwa ife amene agogo athu anadikira amuna a ku Wenela ndi ku Halale, ena mpaka kusanduka matchona. Ulendowo sunathe. Chasintha n'chakuti lero amene akupita ambiri ndi achinyamata ophunzira, atsikana ndi anyamata omwe.

Tafika kuchala cha jombo, koma tisanawoloke tiyambe tacheukira kumadzulo, ku chilumba chimene tachisiya m'mbuyo. Chilumba cha Sardinia chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera kumtunda, ulendo wa usiku wonse pa sitima ya pamadzi. Kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi kwa Sicily, ndipo chilichonse mwa ziwirizi n'chocheperako pochiyerekeza ndi nyanja ya Malawi. Koma anthu ake ndi pafupifupi 1.6 miliyoni basi, pamene pa Sicily pali pafupifupi 4.8 miliyoni. Nkhosa ndizo zachuluka, pafupifupi ziwiri pa munthu aliyense. Kwa zaka mazana ambiri eni chilumbachi anafulatira nyanja, popeza kugombe kunali malungo ndi achifwamba a pamadzi. Moyo weniweni unali m'mapiri a Barbagia, kumene chiyankhulo chawochawo chimamvekabe. Pachilumba ponse pali nsanja zamiyala zotchedwa nuraghi, pafupifupi 7,000, zimene zaima chiimire kwa zaka 3,000 ndi kuposa.

Abusa ankachoka ndi nkhosa kwa miyezi ingapo kukafuna msipu, ndipo mudzi unkatsala m'manja mwa akazi, ndalama, ana ndi nkhani zonse za banja. Buledi wa kumeneko, pane carasau, ndi kamba wa ulendo wotere. Amayi atatu kapena anayi ankasonkhana kusanache, kukanda ufa, kuupapatiza ngati pepala, kuotcha mpaka utafufuma, kuung'amba pawiri n'kuotchanso kuti uume. Buledi wotere amatha miyezi osaonongeka. Si zodabwitsa kuti mayina awiri otchuka a pachilumbachi ndi a akazi: Eleonora wa ku Arborea, amene cha m'ma 1392 anakhazikitsa buku la malamulo lotchedwa Carta de Logu limene linagwira ntchito kufikira 1827, ndi Grazia Deledda wa ku Nuoro, wolemba mabuku amene anapata mphotho ya Nobel ya 1926. Malungo anathetsedwa pakati pa 1946 ndi 1950, ndipo magombe onyozeka aja anasanduka malo a alendo olemera, monga Costa Smeralda kuyambira mu 1962. Midzi ya m'mapiri ya ku Ogliastra imatchuka ndi nkhalamba zokwanitsa zaka 100, koma ana ndiwo asowa. Mu 2023 ndi 2024 chigawo cha Sardinia ndicho chinali chobereka pang'ono koposa zonse m'Italy, osakwana mwana mmodzi pa mayi aliyense.

Tibwerere kuchala kuja. Pakati pa Calabria ndi Sicily pali mpata wa nyanja wa makilomita atatu okha pamene papapatiza. Za mlatho akhala akukambirana kwa zaka zoposa 50, koma pofika mu 2025 unali usanamangidwe. Sitima ya pamtunda yochokera ku Roma amaidula zidutswa n'kuilowetsa m'mimba mwa sitima ya pamadzi, nakailumikizanso tsidya linalo. Malowa ndi a zivomezi: cha pa 28 Disembala 1908 chinagwetsa mizinda ya Messina ndi Reggio Calabria ndi kupha anthu oposa 70,000. Chakummwera kwa Messina kuli phiri la Etna, la mamita oposa 3,300, limene silileka kufuka.

Chilumba cha Sicily chili pamphambano ya nyanja, ndipo aliyense wodutsa anasiyapo kanthu. Agiriki anasiya akachisi ku Agrigento ndi mzinda wa Syracuse, Surakusa uja wa m'buku la Machitidwe. Aroma anachisandutsa nkhokwe yawo ya tirigu. Aluya, amene anafika mu 827 kuchokera ku dziko limene lero ndi Tunisia, anadza ndi mandimu, malalanje owawa, nzimbe ndi luso la kuthirira, ndipo mpaka lero ku Trapani amaphika couscous monga a kumpoto kwa Africa, ndiwo yake nsomba. Kugombe n'kobiriwira ndi minda ya zipatso, koma m'kati mwake ndi zitunda zopanda mitengo, zowauka miyezi yonse yotentha. Mu 2024 chilala chinaumitsa madamu, ndipo ku Agrigento ndi Caltanissetta mabanja ena ankatha sabata yathunthu kapena kuposa mpopi osatulutsa kanthu. Chowawitsa mtima n'chakuti theka la madzi olowa m'mipope ya pachilumbachi limatayika panjira, chifukwa mipopeyo ndi yakale ndi yobowoka.

Sitingachoke pa Sicily osatchula Franca Viola wa ku Alcamo. Mu Disembala 1965, ali ndi zaka 17, anabedwa ndi kugwiriridwa ndi mnyamata amene iye anamukana, wachibale wa akuluakulu a gulu la zigawenga la Mafia. Lamulo la Italy pa nthawiyo linkati wogwirira akakwatira mtsikanayo mlandu watha, ndipo mwambo unkati mtsikana wokana ukwati wotere wachititsa manyazi mtundu wake wonse. Franca anakana. Bambo ake anaima naye ngakhale anaopsezedwa ndipo munda wawo wa mphesa unaonongedwa, ndipo mu 1966 khoti linagamula kuti mnyamatayo akakhale kundende zaka 11. Panapita zaka zina 15 kuti lamulolo lifafanizidwe, mu 1981.

Tizilumba ting'onoting'ono tilipo tambiri, ndipo kalikonse kali pansi pa chigawo china: Elba, kumene Napoleon anatumizidwa mu 1814, kali ku Tuscany, Capri ndi Ischia ku Campania, Stromboli, kaphiri ka moto kotuluka m'nyanja, ku Sicily. Koma kumapeto kwenikweni kwa Italy ndi Lampedusa, kachilumba kouma ka makilomita pafupifupi 11 m'litali mwake ndi anthu pafupifupi 6,000, kamene kamalamuliridwa kuchokera ku Agrigento ngakhale kali pafupi ndi Tunisia kuposa ndi Sicily. Kufupi kumeneku ndiko kwakasandutsa khomo la anthu a ku Africa kuno ofuna kulowa mu Ulaya pa mabwato osalimba. Pa 3 Okutobala 2013 bwato linamira gombe likuonekera, nafa anthu oposa 360, ambiri a ku Eritrea, ndipo oyamba kuvuula amoyo anali eni chilumba ndi asodzi amene anali pamadzi m'mawa umenewo. Mu Seputembala 2023 kunafika anthu pafupifupi 7,000 m'masiku awiri, kuposa eni mudzi onse.

Kwa zaka zambiri pachilumbapo sipanakhale chipatala chochirirapo amayi. Woyembekezera masiku ake akayandikira amakwera ndege, kapena sitima ya pamadzi ya maola ambiri, kukadikirira ku Palermo kapena ku Agrigento, monga amayi a kwathu amachitira pa chidikiro, kungoti iwo amakachita lendi kutali ndi ana awo ena. Mu Julaye 2021 mayi wina wochokera ku Côte d'Ivoire, amene anafika pa bwato, sanathe kudikira ndege, nachirira pa kachipatala ka pachilumbapo. Nyuzipepala za ku Italy zinalemba kuti mwana wamkaziyo anali woyamba kubadwira pa Lampedusa patapita zaka 51.